Mlonda akatopa, nkhokwe atisungire ndani?

Inu amene mumaweruka mochedwa mu mzinda wa Blantyre, makamaka ogulitsa tchipisi ndi chimanga chootcha m'mphepete mwa msewu, mundivomereza kuti miyezi ya Januwale, Febuluwale ndi Malichi kuli maofesi ena amene magetsi ake sazima. Mabanki atseka, masitolo atseka, maminibasi a ku Ndirande ndi ku Chilomoni atha, koma pa windo lina m'mwamba mukuonekabe mitu ya anyamata ndi atsikana itaweramira makompyuta. Ambiri mwa amenewo ndi maodita, anthu amene ntchito yawo ndi kufufuza mabuku a ndalama a makampani ndi a boma pofuna kuona ngati zimene zinalembedwa n'zimene zinachitikadi.

Mwana wa mlongo wanga anali m'gulu limeneli. Anagwira zaka zinayi pa kampani ina ya maodita, mayeso ake anakhoza, ndipo tonse pa mtundu tinkati mwanayu wapata. Tsiku lina tinangomva kuti wasiya, walowa ntchito yosunga mabuku pa kabungwe kena kakang'ono. Nditamufunsa kuti iwe wapenga kodi, anandiyankha mawu amene sanandichoke m'mutu mpaka lero. Anati: "Ankolo, ntchito ija sindinaisiye mwezi uno ayi. Ndinaisiya chaka chatha. Thupi lokha ndi limene linkapitabe ku ofesi."

Mawu amenewa ndiwo andilembetsa nkhaniyi. Tikamva kuti odita wasiya ntchito timaona ngati vuto layamba tsiku limene wapereka kalata. Zoona zake n'zakuti kalatayo imabwera kumapeto. Pakati pa tsiku limene mtima unachoka ndi tsiku limene thupi latuluka pakhomo pamadutsa miyezi yambiri, ndipo miyezi yonseyo munthuyo amakhala akusayinabe mapepala onena kuti ndalama zanu ndi zanga zili bwino.

Wina afunsa kuti nanga ife a mu msika wa Limbe kapena wa Tsoka ku Lilongwe zikutikhudza pati? Zikukukhudzani pa tikiti imene mumadula m'mawa uliwonse. Zikukukhudzani pa msonkho umene a MRA amakulipiritsani pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Songwe mukamalowetsa katundu. Zikukukhudzani pa kandalama kamene mwasungitsa ku banki kapena ku SACCO. Simungapite nokha ku khonsolo kukawerenga malisiti, ndipo ngakhale mutapita sangakutsegulireni kabati. Amene amalowa m'malo mwanu ndi odita. Iyeyo ndiye maso anu. Ndipo inu ophunzira a ku MUBAS ndi ku Malawi College of Accountancy, mpando umene mukuulimbira usiku ndi makandulo ndi womwewu.

Tiyambe ndi kuchuluka kwa ntchito, poti ndi kumene aliyense amakuona. Ntchito ya odita ili ngati ya mlimi wa fodya: ili ndi nyengo. Mabanki ndi makampani ambiri amatseka mabuku awo pa 31 Disembala, ndipo onse amafuna lipoti lawo nthawi imodzi, chifukwa eni masheya, a Reserve Bank ndi a msonkho akudikira. Boma nalo, kuyambira mu 2022, chaka chake cha ndalama chimatha pa 31 Malichi, osati pa 30 Juni monga kale. Onjezanipo mapulojekiti a mabungwe otithandiza, amene aliyense amafuna lipoti lakelake, lolembedwa mwa njira yakeyake. Anthu ndi omwewo, maola a tsiku ndi omwewo.

Ku America, kumene anthu amakonda kuyeza chilichonse, anaiyeza nkhaniyi. Mu 2002 akatswiri awiri, Sweeney ndi Summers, anatsatira owerengera ndalama a m'makampani otere ndipo anapeza kuti nyengo yotanganidwa isanafike ankagwira pafupifupi maola 49 pa sabata, koma itafika maola anakwera kufika pa 63. Kafukufuku wina wa mu 2019, amene anafunsa maodita oposa 700, anapeza chinthu choopsa kuposa apa. Maoditawo anatchula okha malire a maola amene akawadutsa ntchito yawo imayamba kuonongeka. Kenaka anavomera kuti nthawi zambiri amadutsa malirewo ndi maola asanu pa sabata, ndipo nyengo ikafika pachimake amawadutsa ndi maola mpaka 20. Kuno kwathu lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati sabata ya ntchito ndi maola 48. Kafunseni odita aliyense mwezi wa Febuluwale ngati nambala imeneyi amaidziwa, muone m'mene akusekereni.

Ndipo si nkhani yoseketsa. Mu Julaye 2024 ku Pune, m'dziko la India, mtsikana wa zaka 26 anamwalira atagwira ntchito miyezi inayi yokha pa kampani ya maodita ya m'gulu la EY. Mayi ake analemba kalata yonena kuti mwana wawo anapanikizidwa ndi ntchito usana ndi usiku. Akuluakulu a kampaniyo anakana kuti ntchito ndi imene inamupha, koma kalatayo inafalikira dziko lonse mpaka unduna wa za ntchito wa dzikolo unalowererapo.

Kutopa kumene tikunena pano si kuja kwa munthu amene walima tsiku lonse, wasamba, wadya nsima, wagona, m'mawa n'kudzuka ali gwa. Kumeneko tulo timachiza. Uku ndi kwina, Azungu amakutcha burnout, ndipo mu 2019 bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linakulemba m'buku lake monga vuto lochokera ku ntchito. Mayi wina wa ku America, Christina Maslach, amene wakhala akufufuza za vutoli kuyambira zaka za m'ma 1970, anati lili ndi nkhope zitatu. Munthu amatheratu mphamvu, moti Lolemba m'mawa amadzuka ali wotopa kale. Kenaka mtima umauma: ntchito ndi anthu amene akuwatumikira sazimukhudzanso, amangoti bola mwezi uthe. Pomaliza amayamba kudziona ngati palibe chimene akuphula.

Kwa odita nkhope yachiwiriyo ndiyo yoopsa. Chuma chonse cha odita ndi mtima wokayikira. Akaona lisiti ya matumba 500 a simenti, odita wamoyo amafunsa kuti simentiyo ili kuti, nyumba yake ndi iti, anasayina polandira ndani, ndipo mwina amakwera galimoto kukaiona nyumbayo ndi maso. Odita wouma mtima amaona lisiti, amaona chidindo, amachonga, n'kutsegula tsamba lina. Sanabe kanthu, sanalandire chiphuphu, ndipo mukamufunsa adzakuuzani moona mtima kuti mapepala onse analipo. Koma wakuba wa masiku ano sabwera ndi chikwanje usiku, amabwera ndi mapepala okwanira bwino lomwe. Khalidwe losayina kuti ndafufuza pamene sunafufuze si lachilendo m'ntchitoyi. Ku America komweko linatulukira poyera kale mu 1978, pamene maodita ambiri ndithu anavomera pa kafukufuku kuti anachitapo zimenezi chifukwa nthawi inawathera.

Komabe ndikanena kuti kuchuluka kwa ntchito ndiko kokha kumathamangitsa anthu, ndinama, ndipo inu amalonda mukhala oyamba kunditsutsa. Mwezi wa Disembala mayi wogulitsa kaunjika amadzuka 4 koloko m'mawa, amabwerera kunyumba mdima utagwa, tsiku lonse ali chiimire, koma simudzamumva akuti ndikusiya geni. Bwanji? Chifukwa madzulo akamasula chitenje amaona chimene wavutikira. Thupi latopa koma mtima uli pomwepo. Mayi yemweyo muikeni pa benchi mwezi wa Febuluwale, agwire maola ochepa koma osagulitsa kanthu masabata atatu, ndiye mudzamve akuti kaya ndingobwerera kumudzi.

Akatswiri a ku Netherlands, Schaufeli ndi Bakker, anapeza zofanana ndi zimenezi mu 2004 atafufuza magulu angapo a anthu apantchito. Anati pali njira ziwiri zimene zimakathera pa maganizo osiya ntchito. Ina imayambira pa katundu wolemera n'kudzera pa kutopa kuja. Inayo imayambira pa kusowa zokuthandiza, monga bwana amene amakumvera, zipangizo, mwayi wophunzira ndi kuuzidwa m'mene wagwirira, ndipo imapha chidwi chimene munthu anali nacho pa ntchito. Munthu amene mtima wake uli pa ntchito amapirira katundu wolemera nthawi yaitali. Amene mtima wachoka, ngakhale mutamupeputsira katundu, maso ake amakhala ali pa tsamba la ntchito m'nyuzipepala.

Pali kachinthu kena kamene mabwana sakonda kukamva. Wolimbikira ndi amene amasenzetsedwa kwambiri. Fayilo yovuta ikabwera, bwana sapatsa waulesi, amapatsa uja amene sakana. Choncho amene amayamba kupsa ndi uja amene anali ndi moto, ndipo ofesi imatsala ndi anthu amene anaphunzira kale kuzemba.

Tsono tiyeni tibwere ku Capital Hill ndi ku maboma, poti kumeneko ndi kumene kuli nkhokwe ya tonse. Gawo 184 la malamulo aakulu a dziko lino linakhazikitsa udindo wa mkulu wa maodita a boma, Auditor General, ndipo lamulo la chaka cha 2003, limene linakonzedwanso mu 2018, limapatsa ofesi yake mphamvu zofufuza maunduna, nthambi za boma ndi makhonsolo oposa 30. Pa pepala mphamvu zilipo zedi. Koma taganizani za mnyamata amene watumidwa ku khonsolo ina yakutali. Wafika, wapempha mavocha, auzidwa kuti amene amasunga kiyi wapita ku maliro. Mawa lake auzidwa kuti mafayilo ananyowa ndi mvula. Walimbana nazo, wapeza kuti mafuta a galimoto analembedwa kawiri, maalawansi analipidwa kwa anthu amene ku msonkhano sanapiteko, mjigo umene unalipiridwa kulibe. Walemba. Lipoti lapita ku Nyumba ya Malamulo, komiti yoona za ndalama za boma yaitana akuluakulu, akuluakuluwo apempha masabata awiri kuti akafunefune mapepala, nyuzipepala zalemba tsiku limodzi, basi. Chaka chamawa mnyamata yemwe uja abwerera ku khonsolo yomwe ija, apeza munthu yemwe uja pa mpando womwe uja, akumulandira ndi kumwetulira kuti mwabweranso achimwene?

Amangwetu, munthu ameneyu mungamuonjezere alawansi, koma chimene chikumudya si njala yokha. Aliyense amene anawerengapo malipoti a ofesi imeneyi a zaka zotsatizana akudziwa kuti mawu ake amabwerezeka ngati nyimbo ya pa mtondo: mavocha osaoneka, ndalama zolipidwa popanda mapepala, katundu wosalembedwa m'kaundula. Amene amalemba mawu amenewa chaka ndi chaka ndi anthu, ndipo tsiku lina amadzifunsa kuti kodi ndikulemberanji.

Ndipo boma lenilenilo laonetsa kangapo m'mene limaionera ofesiyi. Stephenson Kamphasa atachoka pa udindo wa Auditor General mu 2018, mpandowo unakhala zaka zingapo uli ndi wongogwirizira. Wogwirizira angakhale munthu waluso ndi wolimba mtima, koma aliyense wapantchito akudziwa kusiyana kwa mwini mpando ndi wobwereka. Ngati mutu wa ofesi ukusiyidwa m'malere chotero, kalaliki wa pansi aziti ntchito yake ndi ya mtengo wanji?

Sitinaiwale za 2013. Mu Sepitembala chaka chimenecho kalaliki wamng'ono wa boma anapezeka ndi ndalama zoposa K100 miliyoni, ndipo pa 13 mwezi womwewo Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti, anaomberedwa pa geti la nyumba yake ku Area 43. Apo ndi pamene chithupsa cha Cashgate chinaphulika. Makampani ankalipidwa pa katundu amene sanaperekedwe, kenaka zolembedwazo n'kufufutidwa mu kompyuta ya boma ya IFMIS. Maodita a kampani ya Baker Tilly a ku Britain, olipidwa ndi boma la Britain, anapeza poyamba kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinapita m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala, ndipo pambuyo pake chiwerengerocho chinafika pa K24 biliyoni. Maiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo la ku bajeti, ndipo amene anamva kuwawa ndi odwala m'zipatala ndi inu amalonda amene boma linali nanu ngongole. Sindikunena kuti Cashgate inabwera chifukwa maodita anatopa, ayi. Inabwera chifukwa anthu anaba. Ndipo kuitana alendo kunali ndi zifukwa zake, poti pankafunika anthu amene sadya mbale imodzi ndi wina aliyense kuno. Koma funso limene tinayenera kulifunsa nthawi imeneyo, ndipo sitinalifunse mokwanira, ndi lakuti: alonda athu a tsiku ndi tsiku ndi angati, ali ndi zida zanji, ndipo amene amadziwa ntchito timawasunga bwanji?

Kuti muone kuti chidwi cha odita chimadalira chimene chimachitika lipoti likatuluka, kumbukirani 2021. Ofesi yathu yomweyi inafufuza K6.2 biliyoni ya matenda a Covid-19, lipoti linatuluka mu Epulo, ndipo pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anachotsa nduna ya za ntchito Ken Kandodo, apolisi n'kumanga anthu ambirimbiri. Sabata imeneyo dziko lonse linkakamba za ntchito ya maodita, m'minibasi ndi m'mabawo momwe. Ndikhulupirira kuti amene analemba lipoti limenelo anagona mochedwa masiku ambiri, koma sindikayika kuti sabata imeneyo anayenda mutu uli m'mwamba. Vuto n'lakuti masabata otere ndi osowa, ndipo milandu ya ndalama za boma ikalowa m'makhoti athu imayenda ngati nkhono.

Za ndalama sindizipeputsa. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wophunzira wa ACCA amalipira mayeso ake m'mapaundi pamene malipiro ake ndi a makwacha. Akamaliza, pepala limene wapeza ndi lodziwika ku maiko ambiri, ndipo kunjako kuli njala ya anthu otere. Nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba kumapeto kwa 2022 kuti ku America owerengera ndalama ndi maodita oposa 300,000 anasiya ntchito zawo m'zaka ziwiri zokha. Dzenje lotere likakumbika ku maiko olemera, dothi lokwirira limachokera ku maiko ngati athu. Choncho khomo lotulukira ndi lotsegula: banki, bungwe la thandizo, Johannesburg, London. Koma khomo lotsegula silitulutsa munthu amene wakhala bwino m'nyumba. Limangofulumizitsa amene anali ataima kale.

Makampani a maodita adzati kuchoka kwa anthu n'chizolowezi cha ntchitoyi, ndipo pang'ono akunena zoona. Amalemba achinyamata ambiri, amawaphunzitsa, akudziwa kuti ochepa okha ndi amene adzafike pamwamba. Dziko limapindulanso, chifukwa ochokawo ndi amene amakasunga mabuku m'mabanki ndi m'makampani. Koma pali kuchoka kwina kumene kumapweteka: kwa uja wa zaka zinayi, zisanu, zisanu ndi chimodzi, amene wayamba kununkhiza bodza lisanatsegulidwe, amene amadziwa kuti sitolo yakutiyakuti imaonetsa phindu lokongola chikomekome cha mkuyu. Luso limenelo silili m'buku la mayeso. Akachoka, mafayilo ake amagawidwa kwa otsala, otsalawo katundu amawalemera, wina mwa iwo n'kuyamba kulemba kalata yake. Dzenje limodzi limabala linzake.

Ndikudziwa kuti ena mukuti, a mlembi, anamwino ku Queens atopa, aphunzitsi ali ndi ana 100 m'kalasi imodzi, ife tikupsa ndi dzuwa pa msika, ndiye tizilirira anthu ovala mataye okhala m'maofesi a mphepo yozizira? Mukunena zoona, ndipo sindikupempha kuti muwamvere chisoni. Ndikuti mudzimvere chisoni nokha. Mankhwala amene namwino akusowa ndi choko chimene mphunzitsi akusowa zimadutsa m'mabuku amene odita wotopayo akuchonga. Ndiponso sindikuti odita aliyense wolakwa ndi wotopa. Ena ndi adyera basi. Ku South Africa mu 2017 akuluakulu a KPMG anatula pansi maudindo chifukwa cha ntchito imene kampaniyo inagwirira banja la a Gupta, ndipo amenewo sanali ana ongoyamba kumene osowa tulo. Wadyera ndi wa apolisi ndi makhoti. Koma wotopa ndi wosauka, amene wafika ku boma lakutali galimoto ilibe mafuta ndipo nkhomaliro akumugulira ndi munthu yemwe akumufufuzayo, ali pafupi ndi dyera kuposa m'mene iye mwini akuganizira.

Zochita zake si zozizwitsa. Eni makampani a maodita aleke kulandira ntchito zoposa manja amene ali nawo, ndipo aleke kutsitsa mitengo polimbirana makasitomala kenaka n'kukabweza pa tulo ta ana a eni. Bungwe la ICAM ndi la Malawi Accountants Board, amene amayang'anira ntchitoyi, akamayendera makampani azifunsanso maola amene anthu agwira ndi chiwerengero cha amene achoka, osati mafayilo okha. Aphungu, m'malo mongokalipa pa wailesi, azifunsa chaka chilichonse kuti mipando ingati ili yopanda anthu ku ofesi ya Auditor General, achoka angati, ndipo mwa zimene lipoti la chaka chatha linanena zakonzedwa zingati, wabweza ndalama ndani. Funso lomalizali ndi limene lingasunge odita pa ntchito kuposa semina ya ku nyanja.

Kwa inu ophunzira, ntchitoyi ndi yabwino ndipo imatsegula makomo, musaithawe. Koma pa intavyu, akakupatsani mpata wofunsa, musangofunsa za malipiro. Funsani kuti mwa amene analowa zaka zitatu zapitazo atsala angati, ndipo nthawi ya mayeso amapereka masiku angati owerengera. Mukaona bwana akuyang'ana kudenga, mwamva yankho.

Pa chisankho cha 2025 madera a aphungu anakwera kuchoka pa 193 kufika pa 229, ndipo dera lililonse lili ndi thumba lake la chitukuko, milatho yake, midadada yake ya sukulu ndi malisiti ake ofunika wina awaone. Ntchito ikukula. Mwana wa mlongo wanga uja ndinakumana naye mwezi watha, wanenepa, akuweruka 5 koloko. Ndinamufunsa kuti mafayilo ake aja anatenga ndani. Anati anapatsa mtsikana wina wanzeru kwambiri, amene pa nthawiyo anali atagwira ntchito miyezi isanu ndi itatu.